Andreas Vesalius, mphunzitsi amene anatsika pampando

Lero ndikufuna ndikufotokozereni mbiri ya dokotala wina wa ku Ulaya amene anamwalira zaka zoposa 450 zapitazo. Dzina lake ndi Andreas Vesalius. Amene munaphunzira unamwino kapena udokotala mwina munalimvapo dzinali m'kalasi, poti iyeyu ndi amene anayala maziko a maphunziro a kapangidwe ka thupi la munthu monga tikuwadziwira lero. Ine chimene chinandikoka kwa iye ndi chithunzi chake, chimene chili kumayambiriro kwa buku lake lalikulu la 1543.

Pachithunzicho pakuoneka mwamuna wandevu wa zaka 28, atavala malaya a nsalu yodula, maso ali pa ife owerenga. Anthu ophunzira a nthawi imeneyo pojambulitsa ankakonda kugwira buku, kuti aliyense adziwe kuti ndi anthu a sukulu. Vesalius wagwira mkono wa mtembo. Khungu lasendedwa, minofu ya pakati pa chigongono ndi dzanja yavundukulidwa, ndipo mitsempha yoyendetsa zala ili poyera ngati zingwe. Patebulo pali inki, cholembera, kampeni ndi kapepala konena za minofu imene imayendetsa zala. Munthu amene anali atatsegulapo mutu, chifuwa ndi mimba anasankha kuti dziko lizimukumbukira atagwira mkono. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyeni tiyambire kumene anachokera.

Mwana wa banja la madokotala

Anabadwira ku Brussels pa 31 Disembala 1514, ndipo dzina lake lakwawo linali Andries van Wesel. La Vesalius ndi la Chilatini, chinenero cha anthu ophunzira masiku amenewo. Za mankhwala zinali za kumtundu. Bambo ake ankasakaniza mankhwala kunyumba ya mfumu yaikulu Charles V, agogo ake anali dokotala wa mfumu Maximilian, ndipo bambo a agogowo anaphunzitsapo za udokotala ku Leuven. Mnyamatayu anayamba sukulu yapamwamba ku Leuven komweko, kenako mu 1533 anapita ku Paris kukaphunzira udokotala.

Kaphunzitsidwe kamene kanali kofala m'masukulu a ku Ulaya kanali kotere. Mphunzitsi ankakhala pampando wautali, kutali ndi fungo, akuwerenga buku mokweza m'Chilatini. Pansi, patebulo, amene ankang'amba mtembo anali wometa anthu tsitsi, poti masiku amenewo ometa ndiwo ankagwiranso ntchito yocheka zithupsa ndi kusoka mabala. Munthu wachitatu ankaloza ndi kandodo chiwalo chimene chikutchulidwa. Wowerengayo sankakhudza mtembo, ndipo wochekayo kawirikawiri sankamva Chilatini. Zolembedwa zikasiyana ndi zooneka patebulo, wolakwa ankakhala mtembowo.

Mabuku amene ankadaliridwa kwambiri anali a Galen, dokotala wa Chigiriki wobadwira ku Pergamon, m'dziko limene lero ndi Turkey, m'chaka cha 129. Galen anali katswiri weniweni. Anayamba ndi kuchiza mabala a amuna omenyana m'mabwalo a masewero, kenako anakhala dokotala wa mafumu a ku Roma. Koma mwambo wa nthawi yake sunkalola kung'amba mitembo ya anthu, choncho zambiri zimene analemba anaziona mwa anyani, nkhumba, ng'ombe ndi nyama zina. Kwa zaka zoposa 1,300 mawu ake ankatengedwa ngati osatsutsika.

Vesalius ku Paris sanakhutire ndi kumvetsera. Ankapita kumanda aakulu a mumzindamo, komwe mafupa akale ankaunjikidwa, n'kumawagwira limodzilimodzi mpaka anafika potha kutchula fupa atamangidwa kumaso, pongolipapasa. Mu 1536 nkhondo inabuka pakati pa France ndi Charles V, ndipo iye, pokhala nzika ya mbali ya adani, anabwerera ku Leuven. Kumeneko, mothandizidwa ndi mnzake Gemma Frisius, anatenga mafupa a munthu wonyongedwa amene anasiyidwa pamtengo kunja kwa mzinda, n'kumawalowetsa mobisa pang'onopang'ono mpaka anawalumikiza onse. Ife amene tinakula tikulemekeza maliro nkhaniyi imatiimika tsitsi, ndipo sindikuichepetsa. Ikutionetsa kuti wophunzira wofuna kuona thupi la munthu ndi maso ake analibe khomo lina lolowera.

Ku Padua

Mu Disembala 1537 anamaliza maphunziro a udokotala ku Padua, mzinda umene unali pansi pa ulamuliro wa Venice, ndipo nthawi yomweyo anapatsidwa ntchito yophunzitsa za opaleshoni ndi kapangidwe ka thupi. Anali asanakwanitse zaka 23. Chimene anachita kumeneko n'chosavuta kuchinena, koma chinali chachilendo: anatsika pampando wautali uja, natenga mpeni m'manja mwake. Ntchito za anthu atatu anazigwira yekha, kufotokoza, kucheka ndi kuloza, ophunzira atamuzungulira. Ankajambulanso zimene akuona kuti ophunzira azikumbukira, ndipo mu 1538 anasindikiza ku Venice mapepala 6 aakulu a zithunzi. Mafupa a pamapepalawo anajambula ndi Jan Steven van Calcar, wochokera kudera lakwawo komweko.

Woweruza milandu wina wa ku Padua, Marcantonio Contarini, anayamba kumupatsa mitembo ya anthu onyongedwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pamene mitembo inkachuluka, Vesalius anayamba kuona kuti kusiyana kwa buku ndi thupi sikunali kwa apa ndi apo. Mu 1540, pophunzitsa ku Bologna, anayerekezera mafupa a munthu ndi a nyani, ndipo zinaonekeratu kuti zina zimene Galen anafotokoza zinali za nyaniyo. Fupa la nsagwada yakumunsi mwa munthu wamkulu ndi limodzi, pamene buku linkati ndi awiri. Fupa la pakati pa chifuwa lili ndi zigawo zitatu, pamene buku linkati 7. Chiwindi cha munthu chilibe zigawo zisanu zimene zinkajambulidwa. Ukonde wa timitsempha ta magazi umene ankati uli kunsi kwa ubongo umapezeka mwa nkhosa ndi ng'ombe, koma mwa munthu mulibe.

Tisaganize kuti ankanyoza wamkuluyo. Vesalius anali mmodzi mwa akatswiri amene anathandiza kukonza mabuku a Galen kuti asindikizidwenso m'Chilatini ku Venice, ndipo ankawadziwa kuposa ambiri mwa amene ankamuteteza. Galen yemweyo ankalimbikitsa ophunzira kuti aziona okha. Amene anamvera malangizo amenewo ndi Vesalius, ndipo kumverako n'kumene kunamufikitsa potsutsana naye.

Zimene zili mumkono

Tsopano tibwerere kumkono uja, ndipo ndikupempheni kuti muyese nokha pamene mukuwerenga. Pindani chigongono, chikhatho chiyang'ane kumwamba ngati mukulandira kanthu. Pakati pa chigongono ndi dzanja pali mafupa awiri ogona moyandikana. La mbali ya chala chachikulu madokotala amalitcha radius, linalo ulna. Tembenuzani dzanja, chikhatho chiyang'ane pansi. Pamenepo radius yapingasa pamwamba pa ulna. Popanda kupingasana kumeneko simukanatha kupotokola kiyi pachitseko, kufinya chovala chochapa, kapena kuomola nsima ndi chipande.

Kenako gwirani mkonowo ndi dzanja linalo pafupi ndi chigongono, n'kumapinda ndi kuwongola zala. Mumva minofu ikugwedezeka pamene mwagwirapo, kutali ndi zalazo. M'zala momwemo mulibe minofu yozipinda. Timinofu tina tili m'chikhatho, koma mphamvu yogwirira chinthu imachokera kumkono, komwe kuli minofu pafupifupi 20. Minofu imeneyi imakoka zala kudzera m'mitsempha yolimba, yoyera, yonga zingwe. Polumikizira dzanja ndi mkono, zingwe 9 zopinda zala zimadutsa m'kampata kamodzi kopanikiza pamodzi ndi mtsempha wotumiza mauthenga ku ubongo. Pakatupa pamenepo mtsemphawo umafinyika, n'chifukwa chake anthu ena ogwira ntchito yobwerezabwereza ndi manja amadzuka usiku zala zitachita dzanzi.

Chodabwitsa kwambiri chili m'chala. Zala zinayi, kupatula chachikulu, chilichonse chili ndi zingwe ziwiri zochipinda, china pamwamba, china pansi pake. Chapamwambacho chikafika m'chala chimagawika pawiri, n'kusiya mpata woti chapansicho chidutse kukafika kunsonga. Zingwe zopinda zala zimenezi ndi zimene Vesalius waziyala pachithunzi chake.

Sanali woyamba kuchita nazo chidwi. Galen, polemba buku lake lonena za ntchito ya chiwalo chilichonse, anayambira padzanja, chifukwa ankaliona ngati chida chopangira zida zina zonse. Ngakhale sanali Mkhristu kapena Myuda, ankaona nzeru za Mlengi m'kalumikizidwe ka zala, ndipo bukulo ankalitenga ngati nyimbo yomutamanda. Cha m'ma 1510, Leonardo da Vinci anajambulanso mafupa ndi minofu ya mkono mwaluso lalikulu, nasonyeza mmene radius imazungulirira. Koma Leonardo anamwalira mu 1519 zojambulazo zisanasindikizidwe, ndipo madokotala sanapindule nazo kwa zaka zambirimbiri. Lero zimasungidwa ku Windsor. Choncho pogwira mkono uja Vesalius ankaima pamene Galen anayambira, koma ndi mkono wa munthu weniweni, wotsegulidwa ndi manja ake.

Buku la 1543

Buku lakelo limatchedwa De humani corporis fabrica, kutanthauza kamangidwe ka thupi la munthu. Lili ndi zigawo 7: mafupa, minofu, mitsempha ya magazi, mitsempha ya mauthenga, za m'mimba, mtima ndi mapapo, ndiponso ubongo. Mutu umodzi susenza denga. Zithunzi zake zinasemedwa pamatabwa ku Venice ndi amisiri aluso, ndipo akatswiri ambiri amati ojambulawo anali a gulu la Titian. Matabwawo anawolotsedwa mapiri a Alps mpaka ku Basel, kwa wosindikiza mabuku Johannes Oporinus, ndipo Vesalius anapita komweko kukayang'anira ntchitoyo. M'chigawo cha minofu muli zithunzi 14 za munthu woimirira, ndipo tsamba lililonse likuchotsa minofu ina kuti yapansi ionekere. Kumbuyo kwake kukuoneka mapiri, mitsinje ndi midzi ya kufupi ndi Padua. Ali ku Basel analumikizanso mafupa a munthu wina wonyongedwa n'kuwapereka kuyunivesite ya kumeneko, komwe alipo mpaka lero.

M'mawu oyamba a bukulo, olembera Charles V, anafotokoza chimene ankaona kuti chinagwetsa udokotala. Madokotala anayamba kuona ntchito yamanja ngati yonyozeka. Zakudya za odwala anasiyira owasamalira, mankhwala anasiyira owasakaniza, mpeni anasiyira ometa, iwo n'kutsala ndi mabuku ndi mikanjo. Mapeto ake anaiwala thupi limene ankati akulichiza. Mawu a Chigiriki amene anabala liwu la Chingerezi lotchulira opaleshoni amatanthauza ntchito ya dzanja, ndipo Vesalius ankafuna kuti dzanjalo libwerere kwa dokotala.

Ndikafika pamenepa ndimakumbukira ambiri a ife kuno kunja. Alipo amene kwathu anali aphunzitsi kapena a mu ofesi, koma kuno amasambitsa okalamba, amatembenuza odwala pabedi, amakolopa, amanyamula njerwa, ndipo akaimba foni kumudzi satchula ntchito imene akugwira. Komatu amene amasambitsa wodwala ndi amene amayamba kuona chilonda chisanakule. Mfundo ya Vesalius inali yomweyo: pali zinthu zimene munthu amazidziwa pokhapokha atazigwira.

Mtengo wake

Bukulo linamubweretsera ulemu ndi adani. Amene anamupweteka kwambiri anali mphunzitsi wake wa ku Paris, Jacobus Sylvius, yemwe mu 1551 anasindikiza kabuku komunyoza, napotoza dzina lake kuti limveke ngati liwu la Chilatini lotanthauza wamisala. Sylvius anafika ponena kuti ngati thupi likusiyana ndi zolemba za Galen, ndiye kuti matupi a anthu ndiwo anasintha.

Koma pofika nthawi imeneyo Vesalius anali atachoka kale pauphunzitsi. Buku litangotuluka analowa ntchito ya makolo ake, kukhala dokotala kunyumba ya Charles V. Pochoka anatentha zolemba zake zambiri zimene anali asanasindikize, ndipo pambuyo pake ananong'oneza bondo. Mu 1544 anakwatira Anne van Hamme, ndipo chaka chotsatira anabereka mwana wamkazi. Ankayenda ndi mfumu kunkhondo, kuchiza mabala a asilikali ndi nyamakazi ya mfumuyo. Madokotala ena a kunyumba yachifumu ankamupeputsa kuti ndi wometa chabe, chifukwa chogwira odwala ndi manja. Mu 1555 anatulutsanso buku lake atalikonza, ndipo anakayikira poyera chiphunzitso cha Galen chakuti magazi amadutsa m'timabowo tosaoneka pakhoma la pakati pa mtima.

Charles V atatula pansi udindo, Vesalius anatumikira mwana wake Philip II. Mu 1559 anaitanidwa ku Paris kukaona mfumu Henry II ya ku France, imene inalasidwa m'diso ndi chibenthu cha mkondo pa masewero a pakavalo, koma mfumuyo inamwalira. Chaka chomwecho anasamukira ku Spain, ndipo mu 1562 anali m'gulu la madokotala amene anasamalira Don Carlos, mwana wa Philip, atagwa pamasitepe n'kuvulala m'mutu. Chuma anali nacho, ulemu anali nawo, koma tebulo lija analibe.

Mu 1561 Gabriele Falloppio, amene ankaphunzitsa pampando wakale wa Vesalius ku Padua, anasindikiza buku lokonza zina zimene Vesalius analakwitsa. Apa zinthu zinatembenuka: wotsutsa akuluakulu uja tsopano ndiye anali wamkulu wotsutsidwa. Iye sanachite ngati Sylvius. Anayankha mwaulemu, akuvomera zina ndi kukana zina, ndipo anadandaula kuti kumene anali sankatha kupeza ngakhale chibade cha munthu choti atsimikizire nacho mfundozo. Yankholo likusonyeza munthu amene mtima wake unatsala ku Padua.

Ulendo womaliza

Mu 1564 anachoka ku Spain. Mkazi wake ndi mwana anabwerera ku Brussels, iye analowera ku Venice, nakwera sitima yapamadzi kudzera ku Cyprus pa ulendo wachipembedzo wopita ku Yerusalemu. Atamwalira kunabuka mphekesera yoti anang'amba munthu amene mtima wake unali ukugundabe, ndipo ulendowu chinali chilango. Akatswiri a mbiri yakale anaifufuza nkhaniyi ndipo amaikana, chifukwa ilibe umboni. Falloppio anali atamwalira mu 1562, ndipo akuluakulu a ku Venice anafuna kuti Vesalius abwerere pampando wake wa ku Padua.

Sanafikeko. Pobwerera sitima inakumana ndi namondwe, inakhalitsa panyanja, ndipo iye anatsikira pachilumba cha Zakynthos, kumadzulo kwa Greece, ali wodwala. Anamwalira komweko pa 15 Okutobala 1564, ali ndi zaka 49. Anaikidwa m'manda pachilumbapo, kutali ndi mkazi wake ndi mwana wake, ndipo manda akewo sanapezeke mpaka lero. Ife amene timasonkherana ndalama kuti thupi la mnzathu likagone kwawo tikudziwa kulemera kwa imfa yotere. Munthu amene anathandiza dziko kudziwa fupa lililonse la m'thupi, mafupa ake palibe angawaloze.

Mkono utatha iye

Patapita zaka 68, mu 1632, Rembrandt anajambula ku Amsterdam dokotala Nicolaes Tulp akuphunzitsa anzake pamtembo wa munthu wonyongedwa. Mwa dongosolo la nthawi imeneyo ankayamba kutsegula mimba, chifukwa ndi imene imawola msanga. Pachithunzi cha Rembrandt mimba ili yosakhudzidwa, koma mkono wamanzere watsegulidwa. Tulp wanyamula minofu yopinda zala ndi chopanira kudzanja lamanja, pamene zala za dzanja lake lamanzere zapindika kusonyeza chimene minofuyo imachita. Akatswiri ambiri amaona kuti Tulp ankafuna kujambulidwa monga Vesalius. Chithunzichi chili ku Mauritshuis mumzinda wa The Hague, ndipo amene muli pafupi mukhoza kukachiona.

Matabwa osema aja anakhala zaka pafupifupi 400. Anasungidwa ku Munich, anagwiritsidwanso ntchito kusindikiza zithunzizo mu 1934, kenako anawonongeka ndi mabomba pankhondo yachiwiri ya padziko lonse. Njira yake ndi imene inapulumuka. Mpaka lero ophunzira udokotala m'masukulu ambiri amaima mozungulira tebulo ndi kutsegula mkono ndi manja awo, kutsatira chingwe chilichonse kuchokera kuchigongono mpaka kunsonga ya chala.

Chasintha ndi kumene matupiwo amachokera. Pachithunzi cha 1543 pali anthu awiri, koma dzina lolembedwapo ndi limodzi. Mwini mkono uja sanafunsidwe, ndipo ambiri mwa amene Vesalius anaphunzirirapo anali anthu onyongedwa. Masiku ano m'mayiko ngati Britain anthu amalemba okha akadali ndi moyo kuti thupi lawo lidzaperekedwe kwa ophunzira, ndipo masukulu ambiri amachita mwambo wothokoza, achibale a omwalirawo atakhalapo. Pamene tikukumbukira Vesalius, ndikupempha kuti tikumbukirenso mwini mkonowo. Ndipo nonse amene mukupita kukagwira ntchito yausiku sabata ino, manja anu asafooke.